Kosi ya masabata atatu ku Netherlands, mayi akufuna kukongola ndalama, ndipite kapena ndisiye?

Nachisale21

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo chifukwa mutu wanga waima ndipo kunyumba akudikira yankho langa pofika kumapeto kwa mwezi uno.

Ndili chaka chachitatu, ndikupanga Environmental Science pa yunivesite ina ya boma konkuno. Mwezi wathawu mnzanga ananditumizira link ya summer school ina ya ku Netherlands, kosi ya masabata atatu mu July, nkhani za madzi ndi kusintha kwa nyengo, zomwenso ndikufuna kudzalembapo dissertation yanga chaka chamawa makamaka za kusefukira kwa madzi ku Chikwawa ndi Nsanje. Ndinaapulaya ndipo anditenga. Sukulu yake ndi yeniyeni ndafufuza, imelo inachokera ku adiresi ya yunivesite yomweyo osati gmail. Vuto si yaulere. Fizi pamodzi ndi chipinda ndi ma euro 1,400, tikiti ndi yanga, viza yanga, chakudya changa. Ndikawerengetsa pa rate ya ku banki fizi yokhayo ikufika cha m'ma K3 miliyoni, tikiti ikupitirira madola 1,000, ndiye nonse mukudziwa kuti ku bankiko kuti forex uipeze ndi nkhani ina.

Mayi anga atamva anasangalala koopsa, anauza kale azimayi anzawo akutchalitchi kuti mwana akupita ku Ulaya, pano akuti atenga ngongole ku banki mkhonde ina apempha kwa malume anga ali ku Joni, ndipo zikavuta akuti agulitsa kapuloti komwe bambo anatisiyira. Ine apa ndi pomwe mtima wanga sukukhazikika chifukwa pambuyo panga pali ana awiri, wina ali Form 3, ndipo puloti imeneyo ndi chinthu chokhacho chomwe tili nacho. Koma mbali inayi ndikamaganiza kuti mwayi ngati uwu mwina sudzabweranso tulo sinditupeza.

Ndiye ndifunse, kodi makosi afupiafupi ngati amenewa amawerengedwa pa digiri yathu kuno kapena umangobwera ndi pepala lokongola basi? Alipo amene anapitako n'kuona kuti zinamuthandiza kupeza ntchito kapena sikolashipu ya masters? Chinanso calendar yathu inasokonekera, zikuoneka kuti mayeso a end of semester atha kugwera mu July momwemo, ndingatani pamenepo? Komanso ngati alipo makosi ena oti amakulipirira zonse ndiuzeni komwe mumawapeza, chifukwa ine ndimangoona anthu pa Facebook ali pa airport ndi zikwama, sanena kuti anadzera khomo liti.

Chonde ndiyankheni mosabisa olo zikhale zowawa.

NaBanda_LL

Sisi choyamba zabwino zonse, kutengedwa kokhako kukusonyeza kuti zomwe munalemba zinali zomveka. Koma ndinene mosapsatira, puloti isagulitsidwe chifukwa cha masabata atatu.

Ine ndinapita ku Poland semesita imodzi ndili chaka chachitatu ngati inuyo, kudzera pa Erasmus+, ndipo mayi anga sanatulutse olo tambala ya fizi ya kumeneko. Mmene zimayendera ndi chonchi, Erasmus+ ndi pulogalamu ya European Union ndipo mbali yake yomwe imatikhudza ife a kunja kwa Ulaya amaitcha International Credit Mobility. Suapulaya wekha ku EU ayi, pamayenera kukhala mgwirizano wosainirana pakati pa yunivesite yako ndi ya kunjayo, ndiye malo akapezeka yunivesite yako ndi yomwe imalengeza n'kusankha ana. N'chifukwa chake ambiri sazimva, chilengezo chake chimangomatidwa pa notice board ya department kapena chimaponyedwa pa gulu la WhatsApp la ma class rep n'kukwiririka ndi nkhani za ma assignment, ndipo malo ake amakhala ochepa kwambiri. Ine ndinachita kumva kwa lekichala wathu titakumana mu corridor.

Ukatengedwa sulipira fizi komwe ukupitako, umangopitiriza kulipira ya kuno monga mwa nthawi zonse, amakupatsa ndalama ya ulendo molingana ndi kutalika kwa mtunda, kenako mwezi uliwonse umalandira pakati pa ma euro 800 ndi 900 kutengera dziko, ku Poland inali 800. Nthawi yake ndi kuyambira miyezi 2 mpaka 12. Ndalama imeneyo ukamakhala ku dormitory ya ana asukulu imakwana bwinobwino, ndinkaphika ndekha, ufa ndinanyamula wa kuno mu sutikesi ndipo utatha ndinkagula semolina n'kumaphika nsima yake yomweyo, ndinatsalanso ndi kenakake kogulira laptop yomwe ndinalembera project. Chokhacho kwa ife ndalama yoyamba inatuluka titafika kale n'kusaina mapepala, ndiye masabata oyambirira pamafunika ukhale ndi kako m'thumba.

Koma chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi pepala lina lotchedwa Learning Agreement. Usananyamuke umalemba makosi omwe ukatenge kunjako, pambali pake n'kulemba makosi a kuno omwe akulowedwa m'malo, ndipo amasaina anthu atatu, iweyo, sukulu yako ndi sukulu yolandira. Ine pepala limenelo ndinayenda nalo ofesi ndi ofesi, a HOD akuti a Dean aone kaye, a Dean ali ku msonkhano kunyanja, kubwera akuti course outline ya kunjayo ili kuti, kuthamanga kukasindikiza ku stationery, kubweranso mawa lake mlembi watuluka. Zinali zotopetsa koma nditabwerako ndi transcript ya ma ECTS 30 (ECTS ndi ma credit omwe amawerengera maphunziro ku Ulaya), omwe kwawoko ndi semesita yathunthu, panalibe wondikaniza chifukwa siginecha zawo zinali pomwepo. Mnzanga wina amene anapita pa pulogalamu ina opanda pepala ngati limenelo atabwera anapeza kuti akuyenera kubwereza semesita yonse, anamaliza chaka chimodzi pambuyo pathu, zinandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa anali mwana wanzeru.

Ndiye a kosi yanuyo afunseni kuti ili ndi ma ECTS angati ndipo amapereka transcript yokhala ndi magiredi kapena certificate of attendance chabe. ECTS imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito, ndiye masabata atatu muwerengetse nokha, zikhala cha m'ma 4 kapena 5, sizingafike olo kotala ya semesita.

Za phindu sindinama, kupita kunja kunandisintha. Lab inali yotsegula mpaka usiku, umangogunditsa khadi pachitseko n'kulowa, makina omwe kuno tinkangowaona pa slide ndinawagwira ndi manja angawa, lekichala kumutsutsa m'kalasi iye n'kumasangalala kuti wafunsa. Koma zimenezo zinatheka chifukwa ndinakhalitsako, mwezi woyamba wonse unathera kuzolowera kuzizira, mabasi ndi kalankhulidwe kawo ka Chingerezi. Pitani ku ofesi yoona za maubale ndi masukulu akunja pa campus panupo, mukafunse kuti ndi mayunivesite ati omwe tili nawo pa mgwirizano ndipo call yotsatira ituluka liti, dzina lanu alidziwe.

Mphunzitsi_wa_pa_koleji

Mwana wanga, ine ndimaphunzitsa pa yunivesite ndipo nkhani ngati yanuyi imafika pa tebulo langa chaka ndi chaka. Ndiyambe ndi funso la mayeso chifukwa ndi lomwe lingakupwetekeni kuposa ndalama.

Musakwere ndege mulibe kalata m'manja. Chilolezo cha pakamwa cha lekichala, ngakhale akhale wokukondani bwanji, sichigwira ntchito pa board ya mayeso. Mulembe kalata kwa Registrar kudzera kwa HOD ndi Dean, muphatikizepo kalata yokuitanani, munene masiku enieni omwe mudzakhale kulibe, ndipo mudikire yankho lolembedwa. Deferred exam kawirikawiri imaperekedwa pa matenda kapena maliro, ulendo wodzifunira si onse amauvomera, ndipo mukajomba mayeso popanda chilolezo zotsatira zake mukuzidziwa, kubwereza chaka, ena mpaka kuwidwa kumene. Ma summer school a ku Ulaya amatsata tchuthi chawo cha June mpaka August pomwe ife calendar imasuntha ndi sitalaka, ndi mavuto a ndalama, Covid nayo inaisokoneza, ndiye kuombana ngati kwanuku si kwachilendo.

Zoti kosiyo iwerengedwa pa digiri, yankho lake pafupifupi nthawi zonse ndi ayi, pokhapokha sukulu yanu itavomereza molemba musanapite monga afotokozera a NaBanda. Satifiketi ya masabata atatu si qualification yoti mungakaiyezetse ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati digiri yakunja. Pa CV imakhala mzere umodzi, wabwino ndithu, koma umodzi.

Pa sikolashipu, ine ndimalemba ma reference ambiri ndipo ndimaona omwe amadutsa. Choyamba chomwe amayang'ana ndi mmene mwakhozera digiri yanu. Commonwealth kawirikawiri imafuna upper second kapena kuposa apo, Chevening imafunanso zaka ziwiri za ntchito pamwamba pa digiri. Mwana wa distinction amene sanatulukepo m'Malawi koma ali ndi dissertation yolimba ya kusefukira kwa Shire ndi Ruo, anapita yekha ku Makhanga kapena ku Bangula kukacheza ndi anthu omwe Freddy anawasamutsa mu 2023, ameneyo amamuposa wa pass yemwe ali ndi zithunzi za ku Amsterdam. Anzathu akunjawo amachita kubwera kuno ndi ndalama zawo kudzafufuza zinthu zomwe inu mukhoza kuzifikira pa minibasi. Ndikanakonda ndalama yochepa yomwe malume angathe kupereka ipite ku fieldwork imeneyo.

Komabe musangoisiya kosiyo chete. Alembereni, auzeni zoona, kuti mwatengedwa ndipo mukufunitsitsa koma kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo banja lanu silingakwanitse. Funsani ngati pali full waiver, travel grant, kapena akusungireni malo a chaka chamawa. Ndaonapo ana akuchotseredwa fizi chifukwa choti anafunsa basi. Komanso a lekichala anu a hydrology afunseni za WaterNet, ndi mgwirizano wa mayunivesite a kummwera ndi kummawa kwa Africa pa nkhani za madzi, amakhala ndi symposium chaka chilichonse komanso masters ya Integrated Water Resources Management, ndipo ife a Malawi tili momwemo.

Injiniya_EastBank

A lekichala ndakumvani ndipo za kalata ndikugwirizana nanu kwathunthu, koma penapake tisamuwopseze mwanayu ngati kuti kosi yolipira ndi kutaya ndalama basi. Ine ndi mmodzi mwa anthu omwe anapita pa kosi yaifupi yolipira, ku Netherlands komweko, ndipo masters yanga inachokera pamenepo.

Chomwe sichilembedwa pa satifiketi ndi anthu omwe umakumana nawo komanso zomwe umaona ndi maso. Dziko lija pafupifupi kotala lake lili pansi pa level ya nyanja koma anthu akugona tulo. Anatitengera ku Maeslantkering kufupi ndi Rotterdam, zitseko ziwiri zachitsulo zazikulu zedi zomwe zimatseka njira ya sitima nyanja ikakwera, n'kutifotokozera kuti ntchito zotchinga madzi zimenezi zinayamba madzi atapha anthu oposa 1,800 mu 1953. Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi ku Nijmegen, komwe m'malo momangokweza dyke anaisunthira kumbuyo n'kukumbira mtsinje wa Waal njira yachiwiri, akuti kuupatsa mtsinje malo ake. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za kwathu ku East Bank, kuti ife chaka chilichonse timakangana zoti anthu asamuke kapena asasamuke uku Ruo akungosintha njira mmene wafunira. Zimenezo pa YouTube zilipo inde, koma kumufunsa injiniya amene anagwira ntchitoyo maso ndi maso kuti nanga anthu omwe nyumba zawo zinagumulidwa munagwirizana nawo bwanji, n'zina ndithu.

Pa break ndinamuonetsa pulofesa wina zithunzi za mu foni mwanga za madzi a 2015, anakhala nane pansi mpaka tiyi kuzizira, tinapitiriza kulemberana nditabwerako, ndipo nthawi ya sikolashipu reference yake ndi imene inandinyamula. Ndiye phindu lilipo sisi, koma limabwera ngati wapita ndi funso lako lenileni ndipo suchita manyazi kuyankhula, ena omwe tinali nawo kalasi ikangotha ankathamangira ku ma shop ndipo anabwerera opanda olo nambala ya munthu mmodzi.

Kusiyana kwanga ndi inu n'koti ine ndinapita nditayamba ntchito, theka anandilipirira a kuntchito theka ndinasunga ndekha, palibe amene anakongola ndipo palibe chomwe chinagulitsidwa. Ndikanakhala inu ndikanapempha andisungire malo, chaka chino ndimange kaye dissertation, kuti podzapita ndidzakhale ndi data yoti ndiwaonetse osati kungomvetsera. Ngati mtima ukukanabe ndipo mukufuna chaka chomwechino, yesani kupempha kwa ena osati mayi. Lembani tsamba limodzi lokha, ndinu ndani, kosi yake ndi yotani, bajeti yonse, mudzabwera ndi chani chothandiza kuno, mukasiye ku ma NGO a za madzi ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, kumakampani, kwa alumni a department yanu, olo kumpingo. Ambiri sayankha, musakhumudwe nazo, mumangofuna awiri atatu.

Achimwene_ku_Leeds

Mlongo wanga ine ndili ku UK kuno, ndiyankhepo za viza ndi forex chifukwa anthu ambiri amagwera pamenepa atalipira kale fizi.

Masabata atatu ku Netherlands ndi Schengen visa ya short stay, yomwe malire ake ndi masiku 90. Mtengo wake ndi ma euro 90 kuyambira June 2024, ngakhale lamulo lawo limati ana asukulu opita kukaphunzira salipira imeneyo ndiye mufunse, koma ya kampani yolandira mafomu mulipirabe. Pafunika inshuwaransi ya zaumoyo yofika ma euro 30,000, pasipoti yoti ikhalabe ikugwira ntchito miyezi itatu mutabwerako komanso yokhala ndi masamba awiri osadindidwa, kalata yokuitanani, umboni wa kogona, ndi bank statement. Pa statement ndi pomwe pali msampha. Akaunti yomwe miyezi yonse imakhala ndi K40,000 kenako mwadzidzidzi mwalowa mamiliyoni kutatsala sabata kuti muapulaye, iwo amadziwa kuti ndi ndalama yobwereka yongoonetsa, ndipo kukana kwake sachedwa. Ngati akulipirirani malume alembe kalata ya sponsor, aike statement yawo ndi umboni wa ubale wanu. Chachiwiri amafuna aone kuti mudzabwerera, apa kalata ya Registrar yomwe a lekichala anena ija imagwiranso ntchito, yonena kuti ndinu wophunzira wa chaka chachitatu ndipo mukuyembekezeka kudzamaliza. Mutha kuapulaya kutatsala miyezi 6, musadikire June.

Musanatumize olo euro imodzi werengani refund policy, viza ikakanidwa amabweza zingati, ena amabweza zonse kuchotsa ya admin ena sabweza kalikonse deadline ikadutsa. Tikiti musagule viza isanatuluke, booking yokha imakwana. Forex pitani ku banki yanu msanga ndi invoice ya sukuluyo chifukwa mzere wake ndi wautali, ndipo mukathera ku black market bajeti yanu ya K3 miliyoni ija iiwaleni, ikwera kwambiri.

Kwa ena omwe mukuwerenga, kuno ku UK kosi yosapitirira miyezi 6 pa sukulu yovomerezeka umabwera pa Standard Visitor visa, koma kugwira ntchito n'koletsedwa, ndiye zoti ndikapeza kaganyu ndibweze ngongole ya kumudzi sizitheka, pa Schengen ya short stay nayonso osadalira zimenezo. Ku America mu August 2025 a Malawi ndi a Zambia anatiika pa bond, ndalama ya chikole, ya madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 pa viza ya alendo ya B1/B2, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe anapereka n'choti anthu sabwerera nthawi ikatha. Ndiye amene mwapeza mwayi chonde muzibwerera, zimandiwawa kuona ana olimbikira akukanidwa chifukwa cha ena omwe anathawa.

mwana_wa_physics

Pa funso la komwe timawapeza aulere, ine ndili ku physics nde ndinena za mbali yathu, a zamadzi mufufuze zofanana nazo. CERN, malo ofufuzira za physics ku Geneva, ili ndi Summer Student Programme, amatenganso ochokera m'mayiko omwe si mamembala ngati ife, pafupifupi miyezi iwiri, amakupatsa allowance, amafuna ukhale utamaliza zaka zitatu za physics, computing, engineering kapena maths, ndipo mafomu amatseka mu January. African School of Physics inayambira ku Stellenbosch mu 2010, imachitika pakatha zaka ziwiri m'mayiko osiyanasiyana, yachitikapo ku Kumasi, Dakar, Kigali ndi Windhoek. A zamakompyuta ali ndi Deep Learning Indaba, sabata imodzi, inayamba mu 2017 ku Johannesburg ndipo ophunzira amatha kupempha travel grant. 

Muone kuti zambiri zaulere mafomu amatseka miyezi yambiri July asanafike, nde ukayamba kusaka mu May umangopeza zolipira zokhazokha. Ine ndili ndi kakope komwe ndimalembamo ma deadline, CV ndi transcript zimakhala zokonzeka pa foni, ndipo a lekichala ondilembera reference ndimawauza kutatsala mwezi osati usiku wake.

Komanso kunja si ku Ulaya kokha man. Ku Joni ndi pasipoti yathu umalowa masiku 30 opanda viza, basi ilipo yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo pali protocol ya SADC ya maphunziro yomwe inasainidwa ku Blantyre konkuno mu 1997 yoti ophunzira a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko, nde pofunsa fizi muzinena kuti ndinu a SADC muone ngati kosi yakeyo ikulowa momwemo.

Anti_a_ku_Area25

Mwanawe ine ndine kholo, wanga ali chaka chachiwiri, ndiye mayi akowo ndikuwamvetsa, kholo likamva kuti mwana waitanidwa kunja limaiwala kuwerengera, ndi chikondi chimenecho usawanyoze. Ukhale nawo pansi uwaonetse masamu onse pa pepala, chiwongola dzanja cha banki mkhonde pa mwezi, fizi ya wa Form 3 uja, ndi zoti ukabwerako udzakhala ukadali mwana wasukulu wosalandira salary. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, puloti ilipo lero koma ntchito ya pambuyo pa kosiyo palibe wakulonjeza. Za manyazi kwa azimayi akutchalitchi zisawavute, anene kuti ulendo waombana ndi mayeso ndipo mwana akufuna amalize kaye sukulu, palibe mayi wanzeru angawaseke.

Kwa atsikana ena muli pano, mnzanuyu wachita bwino kufufuza adiresi. Pali ma agent pa TikTok ndi Facebook olonjeza maphunziro ndi ntchito kunja, tikiti yaulere, inu kungolipira ya registration pa foni. Mu October 2024 a Associated Press analemba za atsikana a zaka 18 mpaka 22 ochokera m'mayiko a mu Africa muno omwe anapita ku Alabuga ku Russia atauzidwa kuti ndi pulogalamu yophunzira uku akugwira ntchito, n'kukapezeka ali mu fakitale yopanga ma drone a nkhondo. Chilichonse chomwe sukulu yanu siikuchidziwa ndipo akukuthamangitsani kuti mulipire lero lomwe, kafunseni kaye kwa Dean of Students, ndipo makolo anu adziwe dzina la malo omwe mukupita.

Nachisale21

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza zedi. A lekichala, imelo ija ndatumiza m'mawa uno, ndapempha waiver ndipo ngati sizitheka andisungire malo a chaka chamawa, ndafunsanso za ma ECTS ndi refund monga anenera a NaBanda ndi achimwene a ku Leeds. Kwa a HOD ndipita Lolemba ndi kalata. Mayi ndayankhula nawo pa foni, sanasangalale kwenikweni, akuti ndikuopa chani Mulungu atatsegula kale khomo, ndiye Loweruka ndikupita kunyumba ndikakhale nawo pansi ndi pepala ngati mmene anti anenera. Malume ndawauza asatumize kaye ndalama.

A Injiniya, tsamba limodzi lopemphera thandizo lija mungandionetseko mmene munthu amaliyambira? Komanso a NaBanda, posankha anthu a Erasmus panali interview, anakufunsani zotani, ndipo anafuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena kalata ya ku sukulu yoti timaphunzira m'Chingerezi inakwana?